Mitokoma ya Ana a Sukulu kwa Asilikali a ku America: Mbiri Yake, Malamulo Ake ndi Mikangano Yake

Pa zaka 20 zimene dziko la United States of America linali pa nkhondo ku Afghanistan ndi ku Iraq, kuyambira mu 2001 kufikira mu 2021, ana a m'masukulu ambiri a m'dzikolo anali ndi nchito imene sinalembedwe m'mabuku a maphunziro. Iwo anali kusonkhanitsa masokosi, sopo, maswiti ndi mabuku, kulemba makalata ndi kujambula zithunzi, nalongedza zonsezi m'makatoni opita kwa asilikali amene sanawaonepo ndi maso.

Pamene msilikali wa m'dera lao anaphedwa, ana omwewo anali kuima m'mbali mwa mseu atanyamula timbendera podikira mtembo, ndipo masukulu ena anapatsidwa dzina la womwalirayo. Asilikali a ku America oposa 4,400 anafa ku Iraq ndipo oposa 2,400 anafa ku Afghanistan. Motero aphunzitsi ndi makolo anakumana ndi funso lovuta: kodi mwana amene waphunzitsidwa kukonda msilikali auzidwe ciani za nkhondo imene msilikaliyo akumenya, ndi za imfa yake?

Kumene dzina la mtokomawu linacokera

Anthu a ku America amaucha mtokoma wotere kuti care package. Dzinali linacokera ku bungwe la CARE, limene linakhazikitsidwa mu November 1945 ndi mabungwe 22 a m'dzikolo pofuna kuthandiza anthu a ku Ulaya amene nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inawasiya pa njala. Boma linali ndi makatoni ambirimbiri a cakudya ca asilikali amene linakonzera nkhondo yolanda dziko la Japan, koma nkhondo inatha cakudyaco cisanadyedwe. Bungwe la CARE linatenga makatoniwo, ndipo munthu akalipira madola 10, katoni imodzi inali kupita kwa wacibale wake kapena bwenzi lake ku Ulaya. Makatoni oyamba anafika pa doko la Le Havre m'dziko la France pa 11 May 1946.

Conco mtokoma woyamba unali cakudya ca asilikali copita kwa anthu wamba. M'kupita kwa zaka dzinali linayamba kutanthauza phukusi lililonse lotumizidwa kwa munthu amene ali kutali ndi kwao, makamaka msilikali. Bungwe la CARE lenilenilo linatembenukira ku nchito za citukuko, ndipo ndi lomwelo limene linayamba kugwira nchito mu Zambia mu 1992, pa nthawi ya cilala.

Kulowa kwa ana a sukulu m'nchito yothandiza asilikali ndi kwakale kuposa pamenepo. Mu September 1917, dziko la America litalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mtsogoleri wa dzikolo, a Woodrow Wilson, anapempha ana a sukulu kuti alowe m'nthambi ya ana ya bungwe la Red Cross. Ana mamiliyoni analembetsa. Anali kuluka masokosi ndi majuzi, kusoka zobvala za odwala m'zipatala, ndi kusonkha ndalama. Pamene nkhondo ya ku Iraq inayamba mu March 2003, masukulu anangobwerera ku mwambo umene agogo ao anaudziwa kale.

Cifukwa cake mwambowu unakula pambuyo pa 2001

Zifukwa zitatu zinacititsa kuti nchitoyi ifalikire kwambiri.

Coyamba, dziko la America linaleka kulemba anyamata usilikali mokakamiza mu 1973. Kucokera pamenepo olowa usilikali amalowa mwa kufuna kwao, ndipo ciwerengero ca asilikali a nthawi zonse sicifika ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 alionse a m'dzikolo. Katundu wa nkhondo ziwiri anagwera anthu ocepa. Mu 2007 ku Iraq kunali asilikali a ku America pafupifupi 170,000, ndipo m'caka comweco boma linatalikitsa ulendo wa asilikali a pamtunda kucoka pa miyezi 12 kufika pa miyezi 15. Ambiri anapita ku nkhondo kawiri, katatu kapena kuposa. Mabanja ambiri analibe wacibale aliyense ku nkhondo, ndipo mtokoma unali njira imodzi yosonyezera kuti akudziwa za katundu amene anzao asenza.

Caciwiri, boma linaitana asilikali ambiri a m'magulu oyembekezera, monga a National Guard. Awa ndi anthu amene masiku onse amagwira nchito wamba: aphunzitsi, apolisi, oyendetsa magalimoto, anamwino ndi alimi. Sukulu inali kudzuka tsiku lina n'kupeza kuti mphunzitsi wa masamu, kapena atate a mwana wa m'giredi yacitatu, apita ku Baghdad kwa caka cathunthu. Mitokoma yambiri inayamba motero, yolembedwa dzina la munthu wodziwika, kenaka n'kufalikira kwa anzake a m'gulu lake.

Cacitatu cinali cikumbumtima ca nkhondo ya ku Vietnam, m'mene asilikali a ku America oposa 58,000 anafa. Ambiri mwa obwerako anadandaula kuti anthu anawalandira mozizira, nawasenzetsa mlandu wa nkhondo imene inagamulidwa ndi andale. Mu 2003 anthu ambiri, ngakhale amene anatsutsa zolowa mu Iraq, anatsimikiza mtima kuti zimenezo zisabwerezedwe. Anasiyanitsa pakati pa nkhondo ndi munthu wotumidwa kukaimenya.

Njira imene mtokoma umayendera

Kutumiza phukusi kwa msilikali kuli ndi malamulo ake. Msilikali wa ku America amene ali kunja amakhala ndi keyala ya positi ya asilikali, yodziwika ndi zilembo za APO kapena FPO. Wotumiza amalipira mtengo wa positi ya m'dziko mwake momwemo, ngakhale phukusilo likupita kutsidya la nyanja, ndipo a zacitetezo ndiwo amalinyamula kucokera pamenepo. Pa phukusi lililonse pamakhala cikalata ca kasitomu cofotokoza zimene zili mkati. Mu 2008 a positi anayamba kugulitsa katoni yaikulu ya mtengo umodzi mosayang'ana kulemera kwake, nacotsako madola awiri pa katoni yopita kwa asilikali.

Kale munthu anali ndi ufulu wolemba kalata kwa msilikali aliyense popanda kuchula dzina. Mwambowu unaimitsidwa kumapeto kwa 2001, pamene makalata okhala ndi tizilombo ta nthenda ya anthrax anatumizidwa pa positi mu America napha anthu asanu. Kucokera pamenepo phukusi lililonse linayenera kukhala ndi dzina la msilikali weniweni. Lamuloli linatsekereza masukulu amene sanali kudziwa msilikali aliyense, ndipo ndilo linatsegulira njira mabungwe ongodzipereka amene anali kusonkhanitsa maina kucokera kwa akuluakulu a magulu a nkhondo.

Limodzi mwa mabungwewo ndi Operation Gratitude, limene mai Carolyn Blashek anayambitsa m'nyumba mwao ku California mu March 2003. Maiwa anali kuthandiza pa malo opumulirako asilikali pa bwalo la ndeke la Los Angeles, ndipo anakumana ndi msilikali wina amene anawauza kuti analibe womulira ngati sadzabwerera. Pofika mu December 2013, bungweli linali litatumiza mitokoma 1 miliyoni. Mabungwe ena, monga Soldiers' Angels ndi Any Soldier, anayambanso m'caka comweco ca 2003.

Zimene zimalowa m'katoni

Boma limapatsa msilikali cakudya, zobvala ndi zida. Mtokoma umadzaza mipata ing'onoing'ono imene boma silifikako, makamaka kwa amene ali m'timisasa takutali kopanda sitolo. Masokosi anali kufunidwa kwambiri cifukwa ca maulendo a pansi. Tinsalu tonyowa topukutira makanda tinali kulowa m'malo mwa kusamba kumene madzi anali osowa. Munalinso mswaci ndi mankhwala otsukira mano, mafuta odzola pa milomo, mabatire, nyama youmitsa, khofi, ufa wosungunula m'madzi akumwa, mabuku, magazini ndi makadi a masewera.

Ana anaphunziranso kuti si mphatso iliyonse imene imaloledwa. Ku Iraq ndi ku Afghanistan, amene ndi maiko a Cisilamu, kunali koletsedwa kutumiza nyama ya nkhumba, mowa ndi zithunzi zolaula. Zitini zopopera zinali zoletsedwa cifukwa zingaphulike m'ndeke. Cokoleti inali kusungunuka m'njira m'nyengo yotentha, pamene kutentha ku Iraq kumapitirira madigiri 45. Sopo ankafunika kumangidwa payekha kuti fungo lake lisalowe m'zakudya. Aphunzitsi ena anagwiritsa nchito zimenezi pophunzitsa: kupima kulemera kwa katoni kunali phunziro la masamu, kufuna mzinda wa Kandahar pa mapu kunali phunziro la malo, ndipo lamulo la nyama ya nkhumba linatsegula nkhani ya cipembedzo ca anthu a kumeneko.

Pambuyo pa cikondwerero ca Halloween, cimene cimacitika pa 31 October, pamene ana amayenda khomo ndi khomo kulandira maswiti, masukulu ndi madokotala a mano anali kusonkhanitsa maswiti otsala kuti alowe m'mitokoma. Tizidole nato tinali kulowamo, ndipo asilikali ambiri anali kupatsa ana a m'midzi imene anali kulondera.

Mabungwewo anali kunena kawirikawiri kuti cinthu cimene asilikali anali kusunga kwa nthawi yaitali ndi kalata. Maswiti amatha tsiku lomwelo, koma cithunzi cojambulidwa ndi mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi cinali kumatidwa pa khoma la hema. Makalata nawo anali ndi malamulo: mwana alembe dzina lake loyamba lokha, asaike keyala ya kunyumba, asalowetse ndale, ndipo asafunse za kupha kapena kufa. Anthu ongodzipereka anali kuwerenga kalata iliyonse isanatumizidwe.

Ana amene anayambitsa nchito zao

Nchitoyi sinali ya akuluakulu okha. Mu 2004 mtsikana wa zaka 15, Shauna Fleming, wa pa sukulu ya sekondale ya Lutheran mu mzinda wa Orange ku California, anayambitsa nchito yochedwa A Million Thanks, ndi colinga cosonkhanitsa makalata othokoza asilikali okwana 1 miliyoni. Masukulu a m'zigawo zambiri anatumiza makalata ao, ndipo mu November caka comweco mtsikanayo anapereka kalata yokwanitsa ciwerengeroco kwa mtsogoleri wa dzikolo, a George W. Bush, ku White House.

M'caka comweco, ana awiri a banja limodzi a m'tauni ya Norwell ku Massachusetts, Brittany Bergquist wa zaka 13 ndi mlongo wake Robbie wa zaka 12, anamva za msilikali amene anali ndi ngongole ya lamya ya madola pafupifupi 8,000 cifukwa colankhula ndi banja lake ali ku Iraq. Anayamba ndi madola 21 a m'thumba mwao, nakhazikitsa bungwe la Cell Phones for Soldiers. Iwo anali kusonkhanitsa mafoni akale a m'manja, kuwagulitsa kwa okonzanso zinthu, ndi kugula makadi oimbira lamya opita kwa asilikali. Masukulu ambiri anaika makatoni oponyamo mafoni akale pa zitseko zao.

Pamene msilikali sabwerera

Mtokoma umalumikiza kalasi ndi munthu amene moyo wake uli pa ciswe. Masukulu ena analandira uthenga wakuti amene anali kuwayankha makalata, kapena amene anaphunzira pa sukulupo zaka zocepa zapitazo, waphedwa.

Gulu la nkhondo la ku America lili ndi ndondomeko yokhazikika pa maliro. Uthenga umaperekedwa pamaso ndi pamaso ndi asilikali obvala yunifomu, kawirikawiri pamodzi ndi m'busa wa asilikali, ndipo dzina la womwalira silifalitsidwa kufikira maola 24 atapita banja litauzidwa. Mtembo umafikira pa bwalo la ndeke za nkhondo la Dover, m'cigawo ca Delaware. Kuyambira mu 1991 atolankhani analetsedwa kujambula mabokosi okutidwa ndi mbendera pa bwalolo, ndipo ambiri anati boma likubisa mtengo weniweni wa nkhondo. Ciletsoco cinacotsedwa mu 2009, pamene anagamula kuti banja ndilo lizisankha kulola kapena kukana atolankhani.

Ku manda, asilikali amaomba mfuti m'mwamba katatu, woliza lipenga amaliza nyimbo yotsanzikana yochedwa Taps, ndipo mbendera imene inakuta bokosi imapindidwa mwa ngodya zitatu n'kuperekedwa kwa wacibale wapafupi. Banja lotere limachedwa banja la nyenyezi yagolide. Mwambowu unayamba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene mabanja anali kupacika pa zenera kansalu kokhala ndi nyenyezi yobiriwira ngati thambo pa mwana aliyense amene ali ku nkhondo, ndipo akafa nyenyeziyo inali kukutidwa ndi yagolide.

Masukulu amatengako mbali m'njira zosiyanasiyana. Ena amabzala mtengo, ena amakhoma cikwangwani ca mkuwa pa khoma, ena amasonkha ndalama zolipirira maphunziro a mwana mmodzi caka ciliconse m'dzina la womwalirayo. Palinso mwambo wa thebulo laling'ono loyalidwa nsalu yoyera, lokhala ndi duwa limodzi, kapu yobvundikira ndi mpando wopanda munthu, kukumbutsa za amene sanabwerere. Pa tsiku la Memorial Day, limene linayamba mu 1868 pambuyo pa nkhondo ya paciweniweni ndipo kuyambira mu 1971 limakhala Lolemba lotsiriza la mwezi wa May, ana a masukulu ndi a magulu a masikauti amazika timbendera pa manda a asilikali.

Ana amasiye nawo ali ndi kolowera. Bungwe la TAPS, limene mai Bonnie Carroll anayambitsa mu 1994 amuna ao atafa pa ngozi ya ndeke ya asilikali ku Alaska mu 1992, limasonkhanitsa ana ofedwa pa misasa yapadera. Mwana aliyense amapatsidwa msilikali mmodzi womuyang'anira ndi kuceza naye pa masiku a msasawo. Akale anati maliro n'kulirana, ndipo mwana amene ali yekha wamasiye m'kalasi mwake amapeza kumeneko anzake odziwa cisoni cake.

Sukulu yochedwa dzina la Paul Ray Smith

Citsanzo cimodzi ca ulemu wotere ndi ca Sajeni Paul Ray Smith. Iye anabadwira ku El Paso m'cigawo ca Texas mu 1969, nakulira mu mzinda wa Tampa ku Florida. Anali wa m'gulu la asilikali okonza njira, milatho ndi malinga.

Pa 4 April 2003, asilikali a ku America atafika pa bwalo la ndeke la Baghdad, Smith ndi anyamata ake anauzidwa kukonza malo osungiramo akaidi a pa nkhondo m'bwalo lina lozingidwa ndi mpanda. Ali pa nchitoyo anaukiridwa ndi asilikali a ku Iraq oposa 100. Galimoto yao yankhondo inaphulitsidwa ndipo atatu a m'katimo anabvulala. Smith anaonetsetsa kuti obvulalawo acotsedwa, kenaka anakwera pa galimotoyo nagwira mfuti yaikulu ya pamwamba pake, thupi lake lili poonekera, cifukwa kumbuyo kwake kunali malo othandizirako obvulala. Anaombera kufikira cipolopolo cinamupeza, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 33. Cikalata ca boma cimanena kuti asilikali a ku Iraq ofika mwina 50 anaphedwa pa kumenyanako.

Patapita zaka ziwiri ndendende, pa 4 April 2005, a Bush anapereka mendulo ya Medal of Honor, imene ndi ulemu waukulu koposa wa asilikali m'dzikolo, kwa mwana wamwamuna wa malemuyo, amene anali ndi zaka 11. Inali mendulo yoyamba ya mtunduwu pa nkhondo ya ku Iraq. Mu 2006 sukulu yatsopano ya m'tauni ya Holiday ku Florida, kumene banja lake linali kukhala, inachedwa Paul R. Smith Middle School. Ana amene anayamba kuphunzira pamenepo anali a msinkhu umodzi ndi mwana wake wamasiye.

Ulemu ndi coonadi: nkhani ya Pat Tillman

Nkhani ina imasonyeza kuti kulemekeza womwalira kumavuta pamene coonadi cabisidwa. Pat Tillman anali katswiri wa mpira wa ciamerika mu timu ya Arizona Cardinals. Mu 2002 anakana pangano la madola 3.6 miliyoni nalowa usilikali pamodzi ndi mng'ono wake. Anaphedwa kum'mawa kwa Afghanistan pa 22 April 2004, ali ndi zaka 27.

Poyamba akuluakulu a asilikali analengeza kuti anaphedwa ndi adani, nampatsa mendulo ya Silver Star. Mwambo womukumbukira unacitika mu mzinda wa kwao wa San Jose pa 3 May ndipo unaulutsidwa pa wailesi yakanema. Patapita milungu pafupifupi isanu cimwalirire, banja linauzidwa kuti anaomberedwa molakwika ndi asilikali anzake, cinthu cimene ena mwa akuluakulu anacidziwa kapena kucikaikira kuyambira masiku oyambirira. Mu March 2007 ofufuza a unduna wa zacitetezo anapeza kuti akuluakulu asanu ndi anai, kuphatikizapo akazembe anai, analakwitsa pa kayendetsedwe ka nkhaniyo. Mwezi wotsatira mng'ono wake anaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, nadzudzula akuluakulu a asilikali kuti ananamiza banja ndi dziko mwadala.

Sukulu ya sekondale ya Leland, kumene Tillman anaphunzira, inacha bwalo lake la masewera dzina lake. Kuyambira mu 2005 anthu akhala akuthamanga mtunda wa mamailosi 4.2 mu mzinda wa Tempe pomukumbukira, cifukwa nambala 42 ndiyo anali kubvala pa yunivesite ya Arizona State, ndipo ana ali ndi mpikisano wao waufupi pa tsikulo. Mwana amene afunsa kuti munthuyu anafa bwanji amalandira yankho lolemera: anasiya cuma cifukwa ca dziko lake, anaphedwa ndi anzake mwangozi, ndipo akuluakulu anacedwa kunena zoona. Cifukwa ca khama la banja lake, mbali zonse zitatu zinalowa m'mbiri.

Mkangano wa makolo ndi aphunzitsi

Si onse amene anakondwera ndi kulowa kwa nkhani za asilikali m'masukulu. Ocirikiza mwambowu amati umaphunzitsa mwana kuthokoza, kupatsa, ndi kuganizira munthu amene sakumudziwa. Amati msilikali wa zaka 19 sasankha nkhondo, ndipo kumutumizira masokosi sikutanthauza kubvomereza maganizo a boma.

Otsutsa amati mmera m'poyamba. Mwana amene wazolowera kumva za ungwazi wokha, osamva za mabala, za asilikali obwera osokonezeka maganizo, kapena za anthu wamba ofera m'nyumba zao, amakula akuona nkhondo ngati cinthu cokongola. Bungwe la Iraq Body Count linawerenga anthu wamba a ku Iraq oposa 100,000 amene anafa mwaciwawa pakati pa 2003 ndi 2011. Nkhawa inakula cifukwa ca lamulo la maphunziro la No Child Left Behind, limene linasainidwa mu January 2002. Lamulolo linalamula masukulu a sekondale olandira ndalama za boma kupereka maina, makeyala ndi manambala a lamya a ophunzira kwa olemba anthu usilikali, pokhapo ngati kholo kapena mwanayo walemba kalata yokana.

Malamulo a dzikolo amatetezanso mwana amene asankha kulira maliro a nkhondo m'njira yotsutsa. Mu December 1965 ana ena a ku Des Moines m'cigawo ca Iowa anaimitsidwa sukulu cifukwa cobvala tinsalu takuda pa mkono polira ofa a ku Vietnam. Mu 1969 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti anawo anali ndi ufulu wotero.

Panalinso nchito zoyang'ana ana a mbali inayo. Mu October 2001 a Bush anapempha mwana aliyense wa ku America kutumiza dola imodzi yothandizira ana a ku Afghanistan. Mu 2004 katswiri wa mafilimu Gary Sinise ndi mlembi Laura Hillenbrand anayambitsa bungwe la Operation Iraqi Children, limene linali kusonkhanitsa makope, mapensulo ndi zina zofunika pa sukulu, ndipo asilikali ndiwo anali kuzigawa kwa ana a ku Iraq. Masukulu ambiri anali kulongedza mitundu yonse iwiri ya makatoni.

Mbadwo umene unakulira m'nkhondo

Asilikali a ku America anacoka ku Iraq mu December 2011, ngakhale ena anabwererako mu 2014 kukalimbana ndi gulu la Islamic State. Ku Afghanistan ndeke yotsiriza inanyamuka pa 30 August 2021. Kutatsala masiku anai, pa 26 August, munthu wodzimangirira bomba anadziphulitsa pa cipata ca bwalo la ndeke la Kabul, napha anthu a ku Afghanistan pafupifupi 170 ndi asilikali a ku America 13.

Mwa asilikali 13 amenewo, 11 anali a zaka za pakati pa 20 ndi 23, ndipo asanu anali a zaka 20 zokha. Pamene nkhondoyo inayamba mu October 2001 iwo anali makanda. Anapita ku sukulu m'zaka zimene makalasi anali kulongedza mitokoma ndi kulemba makalata othokoza, ndipo atatsiriza sekondale anapeza nkhondo yomweyo ikali kuwadikira. Masukulu amene anawaphunzitsa anacita miyambo yowakumbukira, ndipo ana ang'onoang'ono anaimanso m'mbali mwa miseu ndi timbendera.

Dziko la America likali ndi asilikali ambiri kunja kwa malire ake, m'maiko monga Germany, Japan ndi South Korea ndi pa zombo za pa nyanja, ndipo masukulu amatumizabe mitokoma, makamaka kumapeto kwa caka. Katoni ndi kalata n'zosavuta kukonza. Nchito yolemera imatsalira mphunzitsi ndi kholo, amene ayenera kufotokozera mwana cifukwa cimene msilikaliyo anatumizidwira kutali, amene anagamula za ulendowo, ndi anthu onse amene anafa, a mbali zonse ziwiri.